Tisanayitane asilikali, tifunse kaye amene anathawira ku Sinda Misale

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanu ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Loweruka lapitali ndinali pa Kamwendo kudikira minibasi yopita ku boma, ndiye pa siteji ya akabaza paja anyamata anaunjikana pa foni imodzi akuonera kavidiyo ka pa TikTok ka Ibrahim Traoré wa ku Burkina Faso uja, ali mu yunifolomu ndi kachipewa kake kofiira. Mmodzi mwa anyamatawo ndi mwana wa mlongo wanga, anamaliza folomu 4 bwinobwino koma ntchito palibe, pano akupalasa njinga ya eni ake. Atandiona anati, "atsibweni taonani mwamuna uyu, kuno tikufunika wotereyu, asilikali angotenga boma basi, zamavotizi zatikwana." Anzake onse kuvomera. Minibasi inafika ndisanamuyankhe bwino, ndiye ndati ndimuyankhire muno poti ndikudziwa kuti si yekha amene akuganiza choncho.

Anyamatawa sindikuwanena kuti ndi opepera ayi. Makolo awo akhala akuvota kuyambira 1994 koma thumba la feteleza likungokwera chaka ndi chaka, mtedza ndi soya mavenda akugula pa mtengo wolira, mafuta akasowa anthu kugona pa mzere, ndiye mwana akakwiya nkumati demokalase yatipatsa chani ali ndi chifukwa chake ndithu. Chimene chikundiopsa ine ndi mankhwala amene akuwafunawo, chifukwa ndinawalawako.

Ndinabadwa mu 1960. Mu 1972 ndili mwana wa pulayimale ndinaona ndi maso angawa anthu a Mboni za Yehova akudutsa m'mudzi mwathu usiku, amayi mwana kumbuyo mtolo pamutu, abambo ena nkhope zotupa, akulowera ku Zambia ku msasa wa Sinda Misale. Mlandu wawo unali umodzi, kukana kugula khadi la chipani. Mpingo wawo unali utaletsedwa kale mu 1967. Mayi anga anawapatsa madzi ndi chinangwa kuseri kwa nkhokwe kwinaku akunjenjemera, atabwerera m'nyumba anatiuza kuti aliyense atseke pakamwa, simunaone kanthu. Ndipo tinatsekadi zaka 20. Pa msika ayufi amaima pa geti, wopanda khadi sulowa, basi sukwera, ndipo wina aliyense wa msinkhu wanga kuno ku Mchinji akhoza kukuuzani zomwezi.

Tsono chimene anyamata sakudziwa nchoti a Kamuzu sanabwere ndi mfuti. Anafika mu July 1958 anthu akuvina ndi kulira ndi chimwemwe, zisankho za 1961 anapambana bwinobwino ndi mavoti. Ufulu tinalandira 6 July 1964, miyezi iwiri yokha nduna zawo zija, a Chiume, a Orton Chirwa, a Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi anzawo, anali atachotsedwa kapena kutula pansi udindo chifukwa chowafunsa mafunso. 1966 chipani chimodzi, 1971 pulezidenti wamuyaya. Sitepe iliyonse anthu amaomba m'manja nkumati nkhalamba ikudziwa chimene ikuchita. Pofika May 1983 a Aaron Gadama, munthu wa ku Kasungu kwawo komweko kwa a Kamuzu, anafa ku Mwanza limodzi ndi a Matenje, a Sangala ndi a Chiwanga, ife nkutiuza kuti inali ngozi ya galimoto. Ngati nduna yochokera kwawo kwa mwini dziko sinapulumuke, kuli bwanji mnyamata wa kabaza wa pa Kamwendo?

Ife a m'malire tili ndi mwayi woti timaona mayiko awiri nthawi imodzi. Ku Zambia a Kaunda nawonso anatseka zipani zina cha mu 1972 ndi 1973 kutsala UNIP yokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 abale athu a ku Chipata amabwera kuno kudzasaka shuga ndi sopo chifukwa m'mashopu mwawo munalibe. Mu June 1990 mtengo wa ufa utakwera anthu anachita zipolowe ku Lusaka, kenaka msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma ndipo anthu ena anasangalala m'misewu ngati mmene akufunira mphwangayu. Zinatha maola ochepa chabe. Ine ndimati Mulungu anaikonda Zambia tsiku limenelo, chifukwa chimene chinatsatira ndi chakuti a Kaunda anavomera zipani zambiri, mu October 1991 anagonja kwa a Chiluba, munthu wa mabungwe a anthu apantchito, ndipo ananyamula katundu wawo nkuchoka. Tinamvera pa wailesi ya ku Zambia voliyumu ili pansi, zitseko zotseka. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti kani pulezidenti amatha kuluza.

Kwathu kuno mukudziwa mmene zinayendera. Pa 8 March 1992 kalata ya maepisikopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika, ine ndinali momwemo, tchalitchi chonse zii, anthu kuopa ngakhale kutsokomola. April a Chakufwa Chihana anamangidwa akungotsika ndege, May mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lina, kenaka riferendamu ya pa 14 June 1993, tambala (chipani chimodzi) kapena nyali (zipani zambiri). Ndinene zoona, mayi anga anavotera tambala, ngati anthu ambiri a chigawo chapakati, osati poti anaiwala a Mboni aja koma anauzidwa kuti matipate ndi nkhondo ndipo amaona okha othawa nkhondo a ku Mozambique ali mbwee m'dziko muno. Nyali inapambana ndi mavoti opitilira 60 pa 100 aliwonse. Koma pamene ndikufuna anyamata amvetsetse ndi apa: mu December 1993 asilikali athu analanda zida apayoniya pa Operation Bwezani, mfuti zonse zinali m'manja mwawo, a Kamuzu ali odwala, mpando unali poyera. Sanaukhale. Anabwerera ku balaki nkusiya anthu akavote mu May 1994, ndipo a Kamuzu anavomera pa wailesi kuti a Muluzi apambana.

Yerekezani ndi Zimbabwe. Mu November 2017 anthu ku Harare amajambulitsa ndi asilikali pa akasinja, kuwakumbatira poti awachotsera a Mugabe amene anakhala zaka 37. Pa 1 August 2018, chaka chisanathe, asilikali omwewo anaombera anthu mu mzinda womwewo pa nkhani ya zisankho, asanu ndi mmodzi anafa. Amene akulamula mpaka lero ndi chipani chomwe chija.

Ndipo Traoré amene akumutamayo, anyamata amuwerenge bwino. Analanda boma mu September 2022 kwa msilikali mnzake Damiba, amenenso anali atalanda mu January chaka chomwecho. Panali lonjezo loti zisankho zichitika pofika July 2024, koma mu May 2024 anadziwonjezera zaka zisanu. Atolankhani ndi anthu ena omudzudzula akhala akugwidwa nkutumizidwa ku nkhondo mokakamiza. Ku Mali asilikali anathetseratu zipani zonse mu 2025. Zimenezi pa kavidiyo ka mphindi imodzi siziwoneka, chikomekome cha mkuyu. Ndikudziwa ena ati nanga Rwanda bwanji, misewu yoyera, chitukuko. Eya, nzoona. Koma munthu wamphamvu sasankhidwa ngati tomato pa msika kuti uyu ndiye wabwino. Ukatsegula chitseko chimenecho akhoza kulowa Kagame, akhozanso kulowa Mobutu amene anakhala zaka 32 kuyambira 1965 nkusiya Congo ili mbuu, kapena Idi Amin, ndipo akalowa ulibenso njira yomubwezera.

Koma pali njira ina imene ine ndimaiopa kuposa mfuti, chifukwa siyichita phokoso. Ili ngati nankafumbwe, thumba kunja likuwoneka lodzadza koma ukapisa dzanja mkati ndi ufa wokhawokha. Munthu amalowa ndi mavoti bwinobwino kenaka nkuyamba kudya malamulo pang'onopang'ono. A Chiluba omwe aja, ngwazi ya matipate, mu 1996 anasintha malamulo kuti a Kaunda asayimenso poti makolo awo anachokera kuno ku Malawi, ndipo mu 2001 anafuna teremu yachitatu, mwayi mipingo, maloya ndi anthu a m'chipani chawo chomwe anakana. A Muluzi mu July 2002 bilu yochotsa malire a materemu inalephera mu nyumba ya malamulo ndi mavoti atatu okha. Atatu! Ku Uganda bilu ngati yomweyo inadutsa mu 2005, mu 2017 anachotsanso malire a zaka 75, ndipo a Museveni amene analowa mu 1986 ine ndili mphunzitsi wachinyamata akadali pompo. Nthawi zina ndimakhala pansi nkumaganiza kuti aphungu atatu akanalandira kenakake usiku umenewo bwenzi tili pati lero. A Malawi sitili ndi magazi osiyana ndi a ku Uganda ayi, kungoti tsiku limenelo panapezeka anthu okwanira onena kuti toto.

Ndipo ukayang'ana bwino nthawi zonse zimene tapulumuka ndi choncho. Mu April 2012 a Bingu atamwalira panali ofuna kuwadumpha mayi Joyce Banda, mkulu wa asilikali General Odillo anaima pa malamulo. Pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza zisankho za tipeksi zija, dziko lachiwiri mu Africa kuchita zotere titatsogoleredwa ndi Kenya mu 2017, ndipo tinavotanso pa 23 June. Mu September 2025 a Chakwera anavomera kugonja kwa a Mutharika zotsatira zomaliza zisanalengezedwe. Ku Botswana mu 2024 chipani chimene chinalamula zaka 58 chinaluza nkuchoka mwamtendere. Pomwe kwa aneba athu ku Mozambique chaka chomwecho ndi ku Tanzania mu October 2025, kumene mtsogoleri wotsutsa a Tundu Lissu anali m'ndende nthawi ya zisankho ndipo opambana anapeza mavoti opitilira 97 pa 100, mabanja ambiri anaika maliro a ana awo.

Sindikunena kuti ife tafika. Pa 20 July 2011 anthu 20 anafa pa zionetsero muno m'Malawi, pansi pa boma losankhidwa. Mu June 2025 anthu a zikwanje anamenya ochita zionetsero ku Lilongwe masanasana apolisi ndi asilikali ali pomwepo akuyang'ana, ndipo chimene chija chinandiwawa kwambiri chifukwa asilikali omwewa ndi amene amateteza anthu m'misewu mu 2019. Chipani chilichonse chikalowa m'boma chimakhala ndi anyamata ake oopseza anzawo, mayina okha ndi mtundu wa malaya ndi zimene zimasintha, ndipo wailesi ya boma imasanduka ya chipani. Ine ndikaona zimenezo ndimakumbuka geti la pa msika lija. Anyamata ngati akufuna pokwiyira akwiye pamenepo, akwiye ndi phungu amene wasowa chivotereni, apite ku misonkhano ya khonsolo akafunse za ndalama za chitukuko cha m'dera (CDF) kuti zagwira ntchito yanji.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti mutumize atolankhani anu m'midzi ya m'malire muno, ku Mkanda, ku Kapiri, mpaka ku Kasungu, akacheze ndi nkhalamba zimene zinaona zinthuzi zisanathe kumwalira, muzilemba m'Chichewa ndi kuika timavidiyo pa foni pomwe anawa amaonera. Kufupi ndi kwathu kuli agogo ena amene anapita ku Sinda Misale ndi ana atatu nkubwerako ndi mmodzi. Ndawapempha ndipo avomera, Lamulungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi ndimutenga mphwangayu pa njinga yake yomweyo tikakhale nawo pa khonde.

Mphunzitsi wopuma,
Kamwendo, Mchinji