Odwala shuga auzidwe ubwino woyenda ndawala

Akonzi,

Ndikulemba ndi nkhawa poona kuti odwala matenda a shuga kuno ku Zomba amamva zambiri za zakudya, koma zochepa za kulimbitsa thupi. Mafuta a m'thupi sangokhala phee, amatulutsa mahomoni (timadzi towongolera ntchito za m'thupi) monga leptin, amene amachuluka mafuta akachuluka, ndi adiponectin, ndipo adiponectin, amene amathandiza insulin (homoni yotsitsa shuga m'magazi) kugwira bwino ntchito, amachepa munthu akanenepa kwambiri. Kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga kumachepetsa mafuta a pamimba, leptin amatsika, ndipo nthawi zambiri adiponectin amakwera.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo msewu wokwera ku Chawe sulipiritsa munthu woyenda pansi. Ndikupempha azaumoyo kuti azifotokozera odwala zimenezi, makamaka obaya insulin, chifukwa shuga wawo angathe kutsika mopitirira muyeso akayenda asanadye.

Wokhudzidwa,
Zomba