Za a neba anga a njinga zitatu ndi timu yawo yosamva mankhwala

Aise,

Ndikhulupilira uli bho pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo chibwezereni mawotchi kumapeto kwa Okutobala dzuwa likumalowa cha m'ma 4 koloko, munthu ukuweruka kunja kuli kale bii ngati ndi nthawi ya nsima yamadzulo. Unadandaula kuti pa WhatsApp ndimangoti "zili bwino" basi osanena kanthu za moyo wakuno, nde lero sindili pa shifiti ndati ndikulembere yaitali uwerenge mpaka utope. Za ntchito usandifunse. Ndikuuza za a neba anga, chifukwa bambo amenewa andizunguza mutu chaka chonsechi.

Ndi mzungu wobadwira konkuno ku Sheffield, zaka 58, amagwira za magetsi, amayenda ndi kagalimoto koyera kukonza mawaya m'makomo mwa anthu. Galimoto ali nayo, akazi awo alinso ndi yawo, koma njinga zakapalasa ali nazo zitatu. Ina ndi ya nyengo yozizira ino, ya madigadi, akuti chifukwa m'misewu amathiramo mchere kuti madzi asaundane nde mcherewo umadya tcheni. Ina ndi Raleigh yachitsulo ya malemu bambo awo amene ankagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo, imangokhala ku shedi koma amaipukutabe. Paja ma Raleigh ndi ma Humber ankanyadira agogo athu aja kwawo ndi ku Nottingham, pafupi pompa, pa sitima ndi ulendo wa ola limodzi, ine ndinkayesa dzina la Humber ndi lakwathu. Yachitatu ndiye mfumu. Imagona m'nyumba, yopachika pakhoma chapafupi ndi pabalaza pomwe ife tikanaika chithunzi cha ukwati, ndipo mayi akunyumbako anasiya kalekale kulankhulapo. Ndinainyamula ndi zala ziwiri aise, siilemera olo pang'ono. Ilibe keliyala, ilibe sitandi, ilibe belu, chishalo chake kuonda ngati mpeni. Ndinawafunsa kuti nanga thumba la chimanga popita kuchigayo mumaika pati, anaseka mpaka kukhosomola. Mtengo atandiuza ndinangoti zii, mapaundi 3,000 ndi kanthu, uwerengetse wekha mu makwacha ine ndikuopa BP.

Lamulungu lililonse 6 koloko magetsi akukhitchini kwawo amakhala ayaka, kudya phala la oats, kuvala tizovala tawo togwira thupi tija toti kwathu ana akhoza kukutsatira mpaka kumsika. Amakumana ndi anzawo a kalabu, ena madokotala ena oyendetsa mabasi ena opuma ntchito, nkuyamba kupalasa kulowera ku Peak District, kumapiri kuseri kwa tauni kuno, kudutsa Hathersage mpaka Castleton nkuzungulira. Tsiku labwinobwino ndi mamailosi 60, titi kuchoka pa Zomba kufika Blantyre nkubwereranso theka la njira. Ndipo sapita kukagula kanthu, sapita kumaliro, sapita kukaona wodwala. Amakaima pa kamalo ka tiyi, kapu imodzi ndi keke kapena buledi wa bekoni, nkutembenuka kubwera kunyumba chimanjamanja atanyowa ndi mvula. Akafika, asanasambe nkomwe, amayamba atsegula foni pa Strava, pulogalamu yosunga maulendo a njinga, kuona ngati phiri lakuti alikwera msanga kuposa sabata yatha. Akapambana ndi masekondi 4 tsiku limenelo moni wake amamveka mpaka kuseri kwa mpanda.

Nde mu Juni ndinachita matama. Ndinawauza kuti ine ndi mwana wa ku Zomba, njinga ndinayamba kupalasa mwendo uli mkati mwa felemu ndisanafike pa chishalo, mapiri awowa ndi zulu chabe poyerekeza ndi msewu wa Ku Chawe. Anangogwedeza mutu nkundibwereka njinga yozizira ija pamodzi ndi nsapato zake, zomwe zimakola ku pedulo kuti kwa! phazi osachokanso pokhapokha upotoze chidendene. Anandiphunzitsa kangapo pakhomo ndinati ndamva. Tafika pa maloboti oyamba, afiira, ndagwira mabuleki bwinobwino, ndikuti nditsitse mwendo mwendo ukukana, ndinagwa pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa, njinga ili m'miyendo, kumbuyo kuli basi yodzadza anthu onse maso pawindo. Azibambo aja m'malo mondidzutsa anaomba m'manja, akuti aliyense anagwapo choncho ndiye kuti ndalowa m'gulu.

Koma chinandimaliza ndi Winnats Pass, kuseri kwa Castleton. Kamsewu kakang'ono kolowa pakati pa matanthwe awiri, udzu wobiriwira mbali zonse, nkhosa zili mbwee osasamala za munthu. Poyambira umaona ngati nzocheza. Ukangodutsa tizitsulo toyala pansi totchingira ziweto tija msewu umangoimirira, magiya ndinatsitsa onse mpaka chala chikufunafuna ina kulibe, mtima ukugunda m'makutu, tayala lakutsogolo likufuna kunyamuka. Pakatikati ndinatsika nkuyamba kukankha, ndipo nsapato zija poyenda pansi zimangoti gwa gwa ngati ziboda za bulu. Apo nkuti gogo wina wamkazi, tsitsi lonse mbuu, akundidutsa ali pa chishalo, anandipatsa moni mwaulemu kuti kunja kwacha bwino lero. Ndinakumbuka kuti ngakhale wa Ku Chawe uja ife tinkakwera chokankha, chomwe tinkadziwa ndi kutsetsereka. A neba ndinawapeza pamwamba akudya nthochi, sananene kanthu, anangondigawira theka.

Misala ya njingayi akuti inakula mu 2014 pomwe mpikisano wa Tour de France unayambira kuno ku Yorkshire. Tsiku lachiwiri, pa 6 Julayi, anachokera ku York nkudzathera mu Sheffield momuno, ndipo chakumapeto anawakweza kamsewu ka m'makomo kotchedwa Jenkin Road komwe ngakhale galimoto imalira. A neba anakagwira malo m'mawa ndi mpando wopinda ndi fulasiki, kudikira tsiku lonse, anyamatawo anadutsa ngati mphepo, anawina ndi Nibali wa ku Italy. Mpaka lero amati linali tsiku lachitatu kukoma pa moyo wawo. Ndinafunsa kuti loyamba ndi laukwati eti, anayang'ana kaye kukhitchini ngati mayi akumva nkunena motsitsa kuti Wembley 1991.

Apa ndiye tafika pa matenda awo enieni. Bambowa ndi a Sheffield Wednesday, dzina lake lomwelo Lachitatu, akuti poyamba inali kalabu ya kiriketi ya anthu omwe ankapuma tsiku limenelo, mpira anayamba 1867. Mu 1991 anatenga League Cup atachinya Manchester United 1-0, chigoli cha John Sheridan, iwo ali ndi zaka 24 ali m'bwalo la Wembley momwemo. Mu 2000 timu inatuluka mu Premier League ndipo mpaka pano sinabwereremo. Taganiza, mwana wobadwa chaka chimenecho pano ali ndi ndevu ndi ana, iwo akugulabe tikiti ya chaka chonse, mpando womwewo, geti lolowera lomwelo, sikavu yomweyo yoti buluu wake anasanduka ngati wa yunifolomu ya pulayimale.

Tsiku loyamba kucheza za mpira anandifunsa timu yanga ndinati Arsenal. Anandiyang'ana nkufunsa kuti kodi unabadwira ku London? Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu timu yakunja timasankhira mu vidiyo sho, nthawi ya Henry aliyense anali wa Arsenal, sanamvetse olo pang'ono. Kwa iwo timu sasankha, umaipeza pakhomo ngati mfunda, bambo awo anawatengera ku Hillsborough, bwalo la Wednesday, ali ndi zaka 6 basi nkhani inathera pompo. Ndinadzapulumuka nditawauza kuti kumudzi ndine wa Noma, yabuluu, ndipo adani athu Maule ndi ofiira. Nkhope inawala, chifukwa kunonso ndi chimodzimodzi, iwo buluu ndi zoyera, Sheffield United ya ku Bramall Lane zofiira ndi zoyera, ndipo m'nyumba mwawo chinthu chofiira ndi tomato yekha. Dzina la United salitchula, amangoti enawo.

Ananditengako gemu ina Loweruka. Timakwera tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, mpaka pafupi ndi bwalo, 3 koloko mpira kuyamba. Chodabwitsa, magemu a 3 koloko Loweruka kuno saonetsa pa TV, akuti anthu azipita kumabwalo, moti iwe ku Chinamwali pa SuperSport umaonera Premier yambiri kuposa ine amene ndili m'dziko lake. Iwe wa Liverpool dzina la Hillsborough ukulidziwa, mpomwe panachitikira ngozi ija pa 15 Epulo 1989 yomwe inatenga miyoyo ya masapota 97. Panja pali mwala wachikumbutso, anthu amasiyapo maluwa ndi masikavu, a neba podutsa pamenepo nthabwala zonse zinatha kaye. Mkati mowa kumwera pampando ukuona bwalo nkoletsedwa, nde pa hafu taimu anthu amathamangira kunsi kukagugudiza, ife tinagula payi ndi Bovril, timadzi totentha tonunkhira ng'ombe, titi msuzi wa mang'ina koma mang'inawo atabedwa. Pafupi nafe panali mayi wina wachikulire, wooneka ngati wa Mvano, koma mawu amene anamuuza oyimbira sindingakulembere. Tinaluza. Potuluka a neba akuti osewerawa ndi manyaka, kochi sadziwa kanthu, sabweranso, ndatopa nazo zaka zonsezi. Lachiwiri madzulo ndikuwaona pawindo sikavu m'khosi akuthamangira tramu.

Ukafuna kuwaona akulengeza misozi uwafunse za Meyi 2023. Timu ili mu ligi yachitatu, ma playoff, gemu yoyamba ku Peterborough anakwapulidwa 4-0. Anzawo ena anati yachibwereza sapitako nkutaya nthawi, iwo anapita, akuti nanga Lachinayi madzulo ndikanachitanso chani. Anyamata anabweza chimodzichimodzi, chachinayi Liam Palmer anagoletsa mphindi ya 98 anthu atayamba kale kuyang'ana kugeti, gemu inatha 5-1 nkuwina pa mapenate, kenako ku Wembley kukachinya Barnsley 1-0 ndi mutu wa Josh Windass mphindi yomalizira yeniyeni ya nthawi yoonjezera. Nkhani imeneyi andiuza mwina ka 10 ndipo nthawi zonse pofika pa Palmer amaimirira. Limenelo ndiye tsiku lachiwiri kukoma, ukwati sindikudziwa uli pa nambala chani.

Ine poyamba ndinkangoti awa ndi mavuto a anthu okhuta, kugula njinga ya mamiliyoni kuti ukavutike nayo paphiri, kulipira ndalama kuti timu ikakukwiyitse. Pena ndimaterobe. Koma ndaona kuti kuno munthu ukhoza kutha mwezi osalankhula ndi wina kupatula kuntchito, pomwe bambowa Loweruka ali ndi anthu awo, Lamulungu ali ndi anthu awo, ndipo mmodzi wa kalabu atagonekedwa m'chipatala ankasinthana kukamuona ngati mmene timachitira a mpingo. Nanenso pano ndikumadzuka nawo, ndinagula njinga yanga yakale pa Facebook, Winnats ndinabwererako mu Seputembala ndinatsika kamodzi kokha.

Tsono pali ntchito ndikufuna undigwirire. Ndinawauza za anyamata a makala, kuti munthu amamanga matumba atatu anayi pa njinga yopanda giya olo imodzi nkuyenda usiku wonse kukagulitsa m'tauni, ndi za akabaza onyamula mayi, mwana kumsana ndi dengu la tomato nthawi imodzi, akukana akuti ndikuwonjezera. Ukawaona pamsewu wa ku Liwonde uwapemphe uwajambule kavidiyo unditumizire, uwagulire ka Fanta ndidzabweza. Akuti zikakhala zoona akaonetsa gulu lonse pa tiyi Lamulungu. Andipatsanso jezi yakale ya Wednesday kuti nditumize kwa mwana wako wamkulu, ndawachenjeza kuti mnyamatayo ndi wa Chelsea koma akuti akadali wamng'ono akhoza kuchira.

Undiuze ngati mvula yayamba komanso feteleza wafika pa zingati chaka chino. Upereke moni kwa alamu ndi kwa amayi, uwauze mafuta a miyendo aja ndinagula ndikudikira wobwera kumeneko mu Disembala.

Ndine mnzako uja wa ku Sheffield.