Pempho kwa ana a kuno: golo lagwa, bwalo la mpira la pasukulu likutha

Abale athu, ana a mudzi uno amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja, landirani moni kuchokera kwa ife a komiti ya sukulu pamodzi ndi mafumu athu. Takulemberani za bwalo la mpira, lomwe lija la kuseri kwa buloko ya sitandade 8, pomwe ambiri a inu munathyokera zikhadabo mukusewera chosavala nsapato.

Golo la kumunsi linagwa mwezi watha masewero ali mkati. Mtanda wapamwamba, womwe unali wa bulugama, unathyoka pakati n'kugwera pansi goloboyi atangosunthapo pang'ono. Tikuthokoza Mulungu kuti palibe mwana anavulala. Titakumba mapolo tinapeza kuti chiswe chinadya mkati monse, kwangotsala khungwa lokha, moti munthu umalowetsa chala mu mtengo ngati mu mbatata yophika. Golo la kumtunda taligwetsa tokha, tisanadikire ngozi. Pamwamba pa izi pali chigwembe chomwe mvula ya chaka chatha inakumba kuchokera kumsewu, chodutsa chopingasa pakona ya kumunsi. Pena n'chakuya kufika m'bondo. Masewero a sukulu za m'zoni yathu, omwe kwa zaka zambiri ankachitikira kuno, awasamutsira kwina, ndipo ana athu akuyenda ulendo wautali wapansi kukasewera ngati alendo ngakhale tsiku lomwe anayenera kulandira anzawo pakwawo. Zimenezi zikutichititsa manyazi, sitibisa.

Mapaipi a magolo analonjezedwa pa nthawi ya kampeni, pamaso pa mafumu, pa bwalo lomweli. Mpaka lero sanafike, ndipo tasiya kuwadikira.

Nkhaniyi itamveka, ena mwa inu munafunsa funso lomwe tikufuna kuliyankha bwinobwino, chifukwa ndi lanzeru. Munati: bwanji nthawi zonse mpira wokhawokha? Kuno khomo lililonse lili ndi njinga, anyamata a kabaza amakwera zitunda atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, bwanji osayambitsa mpikisano wa njinga m'malo mothira ndalama m'bwalo?

Masewero a njinga sitikuwanyoza. Tikudziwa kuti Biniam Girmay wa ku Eritrea anatenga jezi yobiriwira, ya wopambana pa mapointi, pa mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 2024, komanso kuti mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za pamsewu mu 2025, koyamba mu Africa. Miyendo ya ana a kuno si yochepa mphamvu kuposa ya anzawowo. Koma tiyeni tione mmene zinthu zilili pansi pano.

Mpira umodzi umasewetsa ana 22 nthawi imodzi, ndipo akatopa amalowa ena 22. Njinga imodzi imakweza mwana mmodzi. Kuti pakhale mpikisano wa ana 22 pafunika njinga 22, zipewa zoteteza mutu 22, ndi munthu wokonza amene ali ndi zipangizo pafupi. Mpira ukasowa, ana amatola majumbo, amakulunga molimba, amamanga ndi zingwe kapena timalamba todula ku tchubu chakutha, ndipo chikulunga chatheka dzuwa lisanapendeke. Njerwa ziwiri uku, ziwiri uko, magolo apezeka. Njinga singakulungidwe ndi majumbo. Ichi ndicho chifukwa choyamba, ndipo n'chachikulu kuposa zonse: mpira sufunsa kuti bambo ako ali ndi chiyani.

Chachiwiri, njinga ya pakhomo ndi khasu la banja. Ndiyo imapita kuchigayo, ndiyo imanyamula wodwala usiku, ndiyo imabweretsa ndalama ya mchere kwa wa kabaza. Mwana akaithamangitsa mu msewu wathu wa mabampu, zoyamba kuduka ndi masipoko a kumbuyo. Gudumu lambiri limakhala ndi masipoko 36, koma atatu okha akaduka mbali imodzi rimu imapindika, tayala limayamba kukhula mabuleki, ndipo mawa lake njingayo sigwira ntchito. Fumbi ndi mchenga zikalowa mu tcheni chodzola oilo zimasanduka ngati sandipepa, mano a giya amatha msanga. Palibe kholo lomwe lingabwereketse njinga yotero kaamba ka masewero, ndipo sitingalidzudzule. Komanso njinga zathuzi n'zolemera, za giya imodzi, zinapangidwira katundu. Ya mpikisano ndi ina, yopepuka, ya matayala opyapyala omwe safuna msewu wa fumbi, ndipo zipangizo zake simungazipeze kwa okonza njinga a pamsika wathu. Pa tala ndiye pamadutsa malole ndi maminibasi, moti mpikisano ungafune apolisi otseka msewu ndi galimoto yotsatira ovulala.

Chachitatu ndi oonera. Opikisana pa njinga amadutsa pamaso panu kamodzi, kuphethira kawiri apita, ndipo wopambana mumangomumva. Mpira umachitikira malo amodzi kwa mphindi 90, agogo ali pa mpando pansi pa mtengo akuona zonse, amayi akugulitsa mandasi, zitumbuwa ndi nzimbe, ana aang'ono akuthamangira m'bwalo chigoli chikalowa. Malamulo ake ngakhale amene sanapite kusukulu amawadziwa ndipo amatsutsana ndi woyimbira. Timu ikapambana umapambana ndi mudzi wonse. Inu nomwe mukukumbukira mmene tinkaperekezera anyamata ndi nyimbo popita kutsidya kwa mtsinje.

Ndiye pali zomwe mwana amaona kutsogolo kwake. Amamva pa wailesi za Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers. Akuluakulu amamuuza za 2010, pamene Flames ya mphunzitsi Kinnah Phiri inathira Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Angola. Iye mwini anaona kapena kumva chigoli chija Gabadinho Mhango anamenyera kutali pokumana ndi Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon. Atsikana athu amatchula Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi, kumudzi ngati kuno. Amadziwa kuti Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndi kuti Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024. Njira imeneyo mwana amaiona ndi maso: bwalo la sukulu, masewero a zoni, timu ya m'boma, kenako kutsogolo. Poyambira pake ndi pomwe pagwa golo apa.

Tsono nazi zomwe ntchitoyi ikufuna, ndipo taziyeza ndi mmisiri wowotcherera wa pamsika.

Mitengo tasiyana nayo. Bulugama, ngakhale mutaupaka oilo wakuda kumunsi, chiswe cha pano chimaumaliza m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mtanda wa mamita opitirira 7 umayamba kugwa mimba pakati usanathe n'komwe chaka. Tikufuna mapaipi achitsulo a mainchesi atatu, okhuthala bwino, osati opyapyala aja a mipanda. Golo lovomerezeka ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi mamita 2.44 kuchoka pansi kufika kunsi kwa mtanda. Paipi imodzi imabwera ya mamita 6, choncho asanu akwanira magolo onse awiri. Awiri tidzawadula pakati kuti atipatse mapolo anayi a mamita atatu, pomwe masentimita 56 a polo lililonse adzalowa pansi. Awiri ena ndi mitanda, ndipo yachisanu tidzadulako zidutswa ziwiri za mita imodzi ndi theka zolumikizira mitandayo. Polumikiza pasakhale pakati pa golo, chifukwa m'pomwe pamalemera ndipo m'pomwe ana amakonda kulendewera. Pakhale chakumbali, ndipo mkati mulowe kapaipi kocheperako kuti powotchererapo pasathyoke. Kumapeto kwa mtanda kutsekedwe, madzi akalowa paipi imadyeka dzimbiri kuchokera mkati osaoneka. Penti ikhale iwiri: yofiira yoteteza dzimbiri pansi, yoyera pamwamba.

Dzenje la polo lililonse ndi masentimita 50 mbali zonse, kuya masentimita 70. Konkire yake ndi muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala yoswa. Maenje anayi adya matumba asanu a simenti. Kunsi kwa polo tidzawotchererako kachitsulo kopingasa kuti lisazungulire kapena kuzulidwa ndi akuba. Konkireyo imafuna kuthiriridwa masiku 7 munthu asanagwedeze golo. Magolo ambiri a m'masukulu amapendama chifukwa anthu anathamangira kusewera tsiku lachiwiri.

Chigwembe ndicho ntchito yaikulu, ndipo kungochikwirira ndi dothi n'kutaya mphamvu, mvula yoyamba idzalikokolola lonse. Madzi ayenera kugwidwa kumtunda asanalowe m'bwalo. Tayamba kale kukumba ngalande m'mbali mwa msewu yowapatutsira kudambo. Kumunsi kwa ngalandeyo tidzala mizere iwiri ya udzu wa vetiva motsata akalozera, mbande iliyonse motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuti ikakula itsekane ngati mpanda. M'chigwembe momwemo timayamba ndi miyala ikuluikulu pansi, kenako zidutswa za njerwa, kenako dothi lothira pang'onopang'ono, masentimita 15 n'kutsendera, masentimita 15 n'kutsendera, dothi labwino la pamwamba n'kumalizira. Mukathira lonse nthawi imodzi pamadzatitimira pakatha mwezi, ndipo dzenje lobisika mu udzu ndi lomwe limathyola akakolo. Kapinga timadzala mvula ikakhazikika, ndipo pamafunika masabata 6 mpaka 8 popanda phazi la munthu, mbuzi kapena ng'ombe. Mafumu avomera kale kuika chindapusa kwa odyetsera ziweto pamenepo.

Bwalo tikufuna libwerere pa mamita 100 m'litali ndi 64 m'lifupi. M'mbuyomu makona ankayezedwa ndi mapazi, n'chifukwa chake mbali ya kumsewu inali yaitali kuposa inzake, ndipo alendo ankadandaula. Ulendo uno tigwiritsa chingwe cha mfundo zotalikirana mamita 3, 4 ndi 5, chokokedwa ngati makona atatu, kuti kona iliyonse ikhale yowongoka. Penate ndi mamita 11 kuchoka pa mzere wa golo, bokosi lalikulu limatuluka mamita 16.5, laling'ono 5.5, ndipo bwalo lozungulira la pakati ndi mamita 9.15 kuchoka pa kadontho. Mizere takhala tikulemba ndi phulusa, lomwe limauluka ndi mphepo theka loyamba lisanathe. Ena amakumba tingalande m'malo mwa mizere, koma timeneto ndi tomwe timasanduka njira za madzi. Laimu wosungunula m'madzi ndiye amakhalitsa.

Za mipira, sukulu yatsala ndi umodzi, wosokedwa kale kawiri. Amene mungagule, chonde sankhani wosokedwa ndi manja, wa zigamba 32. Yonyezimira ija yomata ndi ya pa kapinga wa mu stediyamu, pa dothi louma la kuno imasupuka m'masabata ochepa. Saizi 5 ndi ya akuluakulu, saizi 4 ndi ya ana a makalasi apakati, ndipo imeneyi ndi yomwe imasowa kwambiri chifukwa opereka amaiiwala. Pampu ibwere ndi masingano ake angapo. Mipira yambiri simaphulika ndi minga, imafera pa valavu chifukwa cholowetsa singano youma, kapena kupopa mopitirira n'kuusiya padzuwa. Aphunzitsi a zamasewero avomera kuti mipira izisungidwa mu ofesi ndi kulembedwa m'kaundula potuluka ndi pobwera. Maukonde awiri ndi wezulo zikapezeka tidzathokoza, koma zimenezo zingathe kudikira. Atsikana a mpira wa manja nawonso mapolo awo ndi amitengo, ndipo zotsala za paipi yachisanu tikufuna ziyambire kumeneko.

Ife kuno sitinakhale manja lende. Midzi yonse yozungulira sukulu ikugwira ntchito mosinthana Lachiwiri ndi Lachisanu. Mchenga watutidwa kale ndi ngolo, miyala amayi aswa milu itatu, mbande za vetiva tapempha kwa alimi a kumtunda, ndipo anyamata a kabaza, omwe aja mumati apikisane pa njinga, ndi amene akhala akunyamula madzi ndi zigubu popanda kulipiritsa. Makolo asonkhako kangachepe, koma chaka chino zokolola sizinachite bwino, ndipo zomwe zapezeka sizingagule ngakhale theka la mapaipi. Zomwe manja athu sangapange ndi chitsulo, simenti, penti, laimu ndi mipira.

Tikudziwa kuti kumene muliko moyo si wophweka. Koma timaonanso zithunzi zanu pa Facebook mutavala majezi a Arsenal ndi Manchester United, ndipo timanyadira kuti mpira simunausiye. Munauphunzirira pano. Ena mwa inu mumafika pa maliro n'kubwerera tsiku lomwelo osadutsako kusukulu, pomwe ana a alongo anu ndi amene akusewera m'mbali mwa chigwembe. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mayina sititchula, aliyense akudziwa pomwe ankaima m'bwalo lija.

Amene angathe kugula katundu yekha n'kutumiza, ndi bwino koposa: paipi imodzi, thumba limodzi la simenti, chitini cha penti, mpira umodzi. Awiri kapena atatu mutha kuphatikizana pa paipi imodzi. Amene mukufuna kutumiza ndalama, lankhulani ndi msungichuma wa komiti kapena a mfumu, mukuwadziwa, ndipo abale anu kuno akupatsani njira yake. Chilichonse chofika chidzalengezedwa pa msonkhano wa makolo. Chomwe chikutithamangitsa ndi nyengo: maenje ndi konkire ziyenera kutha mvula isanayambe, chifukwa msewu wathu ukangonyowa galimoto yonyamula mapaipi a mamita 6 sidzawoloka pa mlatho wa mitengo uja mpaka mwezi wa Epulo.

Ndife anu,
A komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, pamodzi ndi mafumu