Kwa mwana wanga, za mawu aja a pansi pa mango

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe, mpongozi wanga ndi ana kumeneko ku Zomba. Mvula yagwa, chimanga chamera, ku esiteti anthu akuthyola tiyi mpaka dzuwa kupendeka.

Ndalemba chifukwa cha Lamulungu lija. Titatuluka m'tchalitchi, akulu a mpingo aja ananena kuti namondwe wa Freddy unali mkwiyo wa Mulungu, ndipo m'phiri la Mulanje munadutsa Napolo. Iwe unayankha pagulu kuti, "Umenewo ndi umbuli." Ine ndinali pambali ndi amayi a Mvano, ndipo ndinaona bambowo akuvala chipewa chawo, manja akunjenjemera. Iwonso anakubwezera kuti sukulu yakusandutsa wachikunja. Mawu amenewonso sanandikomere, ndipo ndinakawauza kwawo.

Sindikuti usiye zomwe unaphunzira. Ndinagulitsa nthochi ndi chinanazi pa Chitakale kuti uwerenge sayansi imeneyo. Unatifotokozera bwino usiku uja tikudya: kuti Freddy anabadwira kunyanja kufupi ndi Australia, nayenda kupitirira mwezi wathunthu, nadutsa ku Madagascar ndi ku Mozambique asanatipeze mu Malichi 2023, kuti dothi la m'phiri likakhuta madzi, pomwe mitengo tinaimalizira ku makala, limatsetsereka pamodzi ndi miyala. Ine ndinamva, ndipo ndikukhulupirira. Mkungudza womwe agogo ako ankauona m'phirimu lero uli kuti?

Koma kodi ukudziwa amene unamutcha mbuli? Bambo amenewo anakumba matope ndi khasu masiku anayi kufunafuna mdzukulu wawo, ndipo sanamupeze. Analiponso mu 1991 pamene madzi ndi miyala zinatsika ku Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe. Akamati Napolo, sakulemba mayeso a sayansi. Akutchula chinthu chimene chinawalanda mwana usiku, chifukwa chisoni chopanda dzina sichinyamulika. Iwe unamva cholakwika m'mawu awo, sunamve maliro ali m'katimo.

Ukanatha kunena kuti, "Bambo, pepani ndi zomwe zinakuonekerani. Mundilole ndifotokoze momwe tinaphunzirira." Mfundo yako ikanakhala yomweyo, osachotsapo kanthu. Ukanafunsanso kuti mdzukulu uja anachimwa chiyani kuti Mulungu amukwiyire, koma mofatsa, muli awiri pakhonde, osati achinyamata akuseka kumbali. Funso limenelo ndi lachikhristu, ndipo ndikudziwa kuti limawasowetsa tulo iwonso.

Paja ndiwe unandiuza za Georges Lemaître, wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, amene mu 1927 analemba kuti thambo likufutukuka, maganizo omwe anabala chiphunzitso cha Big Bang, chofotokoza momwe chilengedwe chinayambira. Unasangalala kuti munthu mmodzi ankawerengetsa masamu a nyenyezi n'kumapitanso kuguwa. Nanga bwanji iwe ukuyankhula ngati wopemphera ndi wophunzira sangakhalire mphasa imodzi? Ndipo taona zomwe zatsatira: anyamata awiri a kwaya amene amafuna kuti uziwathandiza Biology, makolo awo awaletsa. Akuti kwa aphunzitsi aja kumachokera mwano. Mawu amodzi okha, mwana wanga.

Akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nawonso amapsa. Ukabwera pa Khirisimasi, usafikire kuno. Yamba kwawo, utenge shuga ndi sopo, ukhale pansi, uvule chipewa. Upepese chifukwa cha liwu lija lokha; za dothi ndi mitengo usabweze. Iwo ali ndi nazale ya mibawa kuseri kwa nyumba, imene anayamba chaka chomwe cha namondwe. Uwafunse za imeneyo.

Ndakusungira tambala wofiira uja. Upereke moni kwa adzukulu anga.

Ndine mayi ako.