Ndili ndi pakati ndipo andipeza ndi khansa ya chithokomiro

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31, ndili ndi mwana mmodzi ndipo panopa ndili ndi pakati pa masabata 17. Ndithandizeni nzeru, chifukwa matenda anga agawanitsa anthu pakhomo pathu.

Kusikelo anamwino anaona kachotupa kutsogolo kwa khosi langa, kolimba, kosapweteka, kamene kamakwera n'kutsika ndikameza malovu. Ananditumiza kuchipatala chachikulu komwe anandijambula pakhosi, kenako analasa kachotupako ndi kasingano kowonda n'kutenga zoti akapime. Zotsatira zinasonyeza khansa ya chithokomiro ya mtundu wa papillary. Adokotala anandikhazika mtima pansi kuti mtundu umenewu ndi wofala kwambiri pa khansa za chithokomiro, umakula pang'onopang'ono ndipo anthu ambiri amachira akalandira chithandizo.

Anandiyalira njira ziwiri. Yoyamba ndi kudikira mpaka nditabereka, iwo akumandijambula pakhosi nthawi ndi nthawi komanso kuyeza magazi kuti aone mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Yachiwiri ndi opaleshoni: chotupacho chikayamba kukula msanga, kapena khansayo ikafika m'timwanabele ta m'khosi, adati ndi bwino kuchita opaleshoni mimba isanapitirire masabata 24, chifukwa miyezi itatu yoyambirira pamakhala chiopsezo chopita padera, pomwe kumapeto mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. Akachotsa chithokomiro chonse, ndidzamwa mapiritsi a levothyroxine, ogwira ntchito m'malo mwa chithokomiro, m'mawa uliwonse moyo wanga wonse, ndipo akuti mapiritsiwo savulaza mwana m'mimba.

Apongozi anga safuna kumva za opaleshoni n'komwe. Akuti mayi wodwala pakati samuika mpeni, ndipo abwera kale ndi mizu yoti ndizimwa komanso phala lakuda lopaka pakhosi. Ndimawalemekeza kwambiri, anandisamalira bwino pa uchembere woyamba, ndiye sindifuna kuwanyoza. Komabe mizuyo ndaibisa kuseri kwa ndowa ya ufa, sindinamweko, chifukwa sindidziwa chimene ingachite kwa mwanayu. Bambo a kunyumba nawo ali pakatikati. Masana amati timvere achipatala, koma usiku ndimawamva akutembenuka pabedi osagona. Mchemwali wanga, amene khansa ya pachibelekero inamulanda mnzake wapamtima, akuti ndisadikire ngakhale tsiku limodzi, chotupacho achichotse mawa lomwe. Aliyense akundifunira zabwino, koma khosi ndi langa, ndipo mwana amene wayamba kugunda m'mimbamu ndikumumva ndine.

Chikundiwawa kwambiri ndi nkhani yoyamwitsa. Adokotala anati ena akachotsedwa chithokomiro amafunikanso mankhwala a radioactive iodine opha tizidutswa totsalira. Mankhwala amenewa sapatsidwa kwa mayi woyembekezera chifukwa amawononga chithokomiro cha mwana, ndipo sapatsidwanso kwa woyamwitsa. Ukafuna kuwalandira umayamba waletsa mwana bere kwa masabata osachepera 6, ndipo mwana ameneyo sumubwezeranso kubere. Woyamba uja ndinamuyamwitsa mpaka atayamba kuyenda. Mkaka wa m'chitini ndi wodula, ndipo mukudziwa mmene anthu amalankhulira akaona khanda la miyezi yochepa lili ndi botolo kukamwa.

Mtima wanga ukutsamira ku kudikira monga adokotala analolera, bola ndisaphonye tsiku lojambulitsa. Kodi pamenepa ndikuganiza bwino, kapena ndi mantha chabe amene akunditsogolera? Nanga apongozi ndiwauze bwanji kuti mizu yawo sindimwa popanda kuwakhumudwitsa? Ndiitane ankhoswe, kapena ndiwatenge iwowo limodzi ndi amuna anga kuti akamve okha kwa adokotala? Ngati pali mayi wina amene anadutsa m'zimenezi ali woyembekezera, ndingakonde kumva mmene anachitira ndi kuyamwitsa.

Ine mayi wa nkhawa,
Zomba