Mowa wa pa Songkran umakhala uli kale kuseri kwa chitseko

Akonzi,

Ndawerenga nkhani yanu ija ya chikondwerero cha madzi cha ku Thailand, Songkran, pomwe munati anthu ena akufuna boma liletse kugulitsa mowa masiku onse atatu a chikondwererochi. Ine ndimakhala konkuno, ndimaphunzitsa Chingelezi pa sukulu ina ya m'chigawo cha Khon Kaen, dera lomwe eni ake amati Isan, nde ndati ndiyikepo mlomo poti ma Songkran anayi ndawaona ndi maso angawa, ndipo imodzi ndinaimalizira pa benchi ya kuchipatala malaya ali chinyowere.

Anthu adziwe kaye kuti Songkran si mfuti za madzi mumazionera pa TikTok zija zokha ayi. Ndi chaka chatsopano chawo, pa 13 mpaka pa 15 April, mwezi umene kumatentha ngati October wa ku Nsanje, madigiri 40 osanama. Bangkok imatsala pululu chifukwa aliyense amathamangira kumudzi, msewu wa Mittraphap wobwera kuno umadzadza moti ulendo wa maola sikisi umatha kukudyera tsiku lonse. Mmawa anthu amapita kukachisi, kupereka chakudya kwa amonke, kuthira madzi chifanizo cha Buddha, kenako kunyumba kukagwadira akuluakulu. Mayi amene ndimachita lendi nyumba yawo amakhazika agogo awo pampando pakhonde, ana ndi zidzukulu pamzere chogwada, aliyense ndi kambale ka madzi oyandama maluwa, kumawathira mmanja pang'onopang'ono agogo aja akuwadalitsa kwinaku akuwasisita kumutu ndi dzanja lonyowalo. Ine anandiitana ndigwade nawo, ndinagwada ndithu ndipo misozi inalengeza pokumbuka agogo anga. Ndi zimenezi zomwe a UNESCO anazilemba mu 2023 ngati chikhalidwe choyenera kusungidwa.

Koma ikangokwana 2 koloko zimasintha. Mapikiapu amatuluka atanyamula madiramu a madzi a ayisi, achinyamata khumi kumbuyo, masipika akulira nyimbo za mor lam, kumaso kuli mbuu ndi ufa woyera uja amapakana, ndipo pakati pa miyendo pali kireti ya mowa wa Leo kapena Chang. Amene thumba lake ndi lopepuka amagwira lao khao, kachasu wawo wa mpunga, woyera ngati madzi koma akakupeza ulibe kanthu mmimba umaona dziko likuzungulira.

Nde amene akuti mowa uletsedwe sindikuwatenga ngati openga ayi, ali ndi mitembo yoloza. Boma lenilenilo limatchula sabata imeneyi kuti masiku asanu ndi awiri oopsa, ndipo mmawa uliwonse pa TV amalengeza kuti dzulo afa angati ngati zigoli za mpira. Mu 2016 anafa anthu 442 pa masiku seveni amenewo, mu 2023 anali 264. Pa ngozi khumi zilizonse pafupifupi zisanu ndi zitatu zimakhala za njinga zamoto, ndipo zifukwa zake chaka ndi chaka ndi zomwezomwezo, liwiro ndi kuledzera. Kuli bungwe la Don't Drive Drunk Foundation lomwe lakhala likukuwa za zimenezi zaka zambirimbiri. Palinso nkhani imene simunaitchule, atsikana amagwidwagwidwa mmisewu ndi zidakwa zonamizira kupaka ufa, moti aphunzitsi anzanga aakazi ena masiku amenewo satuluka n'komwe pageti.

Komabe ine ndikuti kutseka masitolo masiku atatu sikuthandiza, ndipo ndikuuzani chomwe ndinaona.

Chaka changa chachiwiri kuno, mdzukulu wa mayi a nyumba aja, mnyamata wa zaka 19 yemwe ankagwira ntchito kufakitale ku Bangkok, anabwera kuholide. Madzulo a pa 14 anatenga njinga yamoto kuti akaone chibwenzi mudzi woyandikana nawo, makilomita osakwana folo, chipewa choteteza mutu chija atachisiya pa msomali, msewu uli tererere ndi madzi ndi ufa uja. Pa kona wina anamukhuthulira ndowa kumaso nkupita kukadziwombetsa pa chipilala cha magetsi. Tinamunyamula pa pikiapu yomwe ija ya madzi, mutu uli pa miyendo ya amalume ake amene nawonso mkamwa munkanunkha, ine ndagwirizira mwendo womwe unali utaloza kwina. Kuchipatala tinapeza anzathu ena otero ali mbwee mukhonde, onse onyowa, onse oyera kumaso, manesi akungodumpha madzi pansi. Anapulumuka koma mpaka lero amayenda chotsimphina ndipo ku fakitale sanabwererekonso.

Tsono funsani kuti mowa anamwawo unagulidwa liti. Amalume akewo anagula makatoni awiri sabata yathunthu chikondwerero chisanayambe, anali ataunjikidwa kuseri kwa chitseko pafupi ndi matumba a mpunga, ine ndemwe ndinathandiza kutsitsa. Mnyamatayo olo sitolo ikanakhala yotsekula samayenera kugulitsidwa, lamulo la 2008 limati zaka 20. Palibe lamulo la pakauntala lomwe likanamupulumutsa tsiku limenelo.

Dziko lino malamulo a mowa silisowa, mwina kuposa kwathu. Kuyambira 1972, kwa zaka zoposa 50, kugulitsa mowa pakati pa 2 koloko ndi 5 koloko masana kunali koletsedwa, unkalowa mu sitolo ya 7-Eleven nkupeza filiji ya mowa aikhoma kaya aiphimba ndi kansalu. Pa masiku akuluakulu asanu a chipembedzo cha Buddha ngati Visakha Bucha ndi Makha Bucha masitolo sagulitsa. Pa chisankho chimodzimodzi, kuyambira 6 koloko madzulo a dzulo lake. Ndipo aliyense amadziwa chochita, umagula dzulo basi. Kumudzi nde osanena, kagolosale ka agogo ena pa kona sikadziwa wotchi, amakupimira lao khao m'kagalasi pawindo la kuseri nthawi ina iliyonse, wapolisi wake ndi mwana wa mchemwali wawo, akawamanga ndani?

Anayesapo kale kuletseratu. Mu April 2020 nthawi ya Covid, mzinda wa Bangkok unaletsa kugulitsa mowa kuyambira pa 10 ndipo zigawo zina zinachitanso chimodzimodzi. Atangolengeza, anthu anakhamukira mmasitolo kukakokolola makatoni, matrole odzadza mpaka pamwamba, mashelefu mbee. Zoona imfa za pamsewu zinatsika chaka chimenecho, koma paja chikondwerero chenichenicho anachiimitsa, usiku kunali kafiyu, maulendo a kumudzi analetsa, nde munthu sunganene kuti mankhwala anagwira ndi ati pomwe wodwala wamwa anayi nthawi imodzi.

Ife a ku Malawi izi sitifunika kuuzidwa. Masacheti ataletsedwa mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo, ndipo kachasu sanasiye kutchezedwa olo tsiku limodzi. Kunonso ukafinya wa m'sitolo, wa kuseri umakwera mtengo nkuyamba kusakanizidwa ndi zinthu zosadziwika. Mu 2024 ku Bangkok anthu angapo anamwalira atamwa mowa wosaloledwa womwe munali poizoni wa methanol, ndipo omwe amamwa zimenezo si alendo a m'mahotela ayi, ndi amaganyu.

Koma musandiyike gulu limodzi ndi amene amakana chiletsochi ponena za alendo. Mu 2009 a unduna wa zaumoyo anabweretsa ganizo lomweli, komiti ya boma nkulikankhira kumbali poopa kuti ntchito yokopa alendo igwa. Mfundo imeneyo imandinyansa. Mzungu wa pa Khao San Road, msewu wa alendo ku Bangkok, amamwa nkukwera takisi kubwerera kuhotela, amene akufa ndi mwana wa mlimi pa kamsewu ka kumudzi dzuwa likulowa, nde kuwerengera ndalama za mabala pamaliro a anthu amenewa ndi kupanda manyazi. Makampani akuluakulu a mowa aja nawonso asadziyeretse, dzina la mowa saloledwa kutsatsa poyera koma akhala akutsatsa madzi ndi soda za chizindikiro chomwechomwecho pa siteji iliyonse, mwana wa sitandade 3 amadziwa kuti njovu ziwiri za pa chizindikiro cha Chang zija ndi za chani.

Chinanso chomwe anthu sakonda kumva, a WHO anayerekeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 18,000 anafera pa misewu ya ku Thailand, kutanthauza anthu 50 tsiku lililonse, Lachiwiri wamba la mu June mvula ikugwa. Gawani 264 ija ndi masiku seveni muone, sikufika olo 40. Inde kawerengedwe kake nkosiyana, chiwerengero cha pa TV chija sichidikira onse okafera kuchipatala pambuyo pake, komabe zikuonetsa kuti misewu ya kuno imadya anthu chaka chonse, kungoti pa Songkran ndi pomwe makamera amabwera. Boma limakonda zinthu zooneka. Mu 2016 anayamba kutumiza oyendetsa ataledzera kukagwira ntchito kumotchale kuti akaone okha, mu 2017 analetsa kukwera kumbuyo kwa pikiapu, anthu atakwiya anabweza mawu pasanathe masiku. Chipewa chomwe chingapulumutse mitu yambirimbiri chili m'lamulo kalekale koma kumudzi ukachivala amakufunsa ngati ukupita ku Bangkok.

Chomwe ndaona chikugwira ntchito ndi kuletsa mowa pamalo, osati m'dziko lonse. Mu tauni ya Khon Kaen muli msewu umene pa Songkran amautcha Khao Niao Road, dzina la mpunga womata uja amadya kuno. Amautseka, galimoto osalowa, pageti amakusecha ndipo botolo silidutsa. Anthu amadzadza mpaka osaona phula, mabanja ndi ana omwe, kuvina mpaka usiku, ndipo ine amene ndimakonda kudzipepesa kukhosi sindinaone kuti ndamanidwa kanthu. Zimenezo zifalikire tauni iliyonse, ndisainira ndi manja awiri.

Kumudzi nako kuli njira yake. Chichitikireni ngozi ya mnyamata uja, amfumu a mudzi wathu, kuno amati phu yai ban ndipo amachita kusankhidwa ndi mavoti, amaika tebulo ndi tenti potulukira mudzi masiku onse a chikondwerero. Pamakhala iwo, azimayi odzipereka a zaumoyo ndi madoda awiri atatu, alibe mfuti, alibe kamakina koyezera mowa kaja, chida chawo nchoti aliyense amamudziwa ndi mayi ake omwe. Chaka chatha ndinakhala nawo masana onse a pa 14. Kunabwera bambo wina pa njinga akuyenda mokhotakhota ngati njoka, mwana wamng'ono ataima kutsogolo wagwira mahandulo. Mayi wina wa zaumoyo, wamfupi, wazaka za m'ma 60, anangoima pakati pa msewu nkuzimitsa njinga ija yekha, kiyi nkuponya m'thumba la epuloni. Bambo uja analalata, anatchula za ufulu wake, anati akukangogula ayisi pompa, mayi aja osamuyankha, anangomutsitsa mwana nkumupatsa chivwende kenako nkuimbira foni mkazi wake. Bambo uja anagona pa mphasa kuseri kwa tenti mpaka mdima, kiyi anakatenga mmawa mwake kunyumba kwa amfumu atavala malaya oyera, maso ali pansi.

Pofika madzulo tsiku limenelo m'thumba la epuloni lija munali makiyi asanu ndi limodzi, ndinawerenga ndekha pomwe ankawapachika pa misomali. Amodzi anali a amalume aja a makatoni awiri.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa ku Khon Kaen, Thailand