Za buku lija ndi za agogo ako

Mwana wanga,

Buku unandisiyira lija ndalimaliza dzulo usiku, magetsi atazima, ndikuunikira tochi ya pafoni. Nkhalamba ya m'bukumo ija, imene adzukulu ake ankaidziwa ngati munthu wofatsa chonsecho pa nthawi ya nkhondo inkalondera msasa wophera anthu, yandisowetsa tulo. Ndadziwa chimene unandipatsira bukulo. Ukufuna ndikuuze za agogo ako, amalume anga aja, kuti nawenso ulembe lako.

Tinachoka ku Angónia, ku Mozambique, mu 1986 ndili ndi zaka 12, n'kudzalowera ku Lizulu. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itafika povuta, ndipo othawira m'Malawi muno anadzafika pafupifupi miliyoni imodzi. Amalume anatipeza patatha miyezi, usiku, akukankha njinga yakapalasa yomwe sinali yawo. Anali atagwidwa ndi anthu amfuti. Mbali yake sinditchula, poti mbali zonse zinakhetsa mwazi wa anthu wamba.

Njinga ija inali ya bambo wina wa mudzi woyandikana nafe. Amalume ndiwo analoza khomo lake, mfuti ili kumsana, ndipo ndiwonso anakumba dzenje. Anandiuza okha ali gone pamphasa kuno ku Ndirande, atandigwira dzanja, kutatsala sabata kuti atisiye. Ukukumbukira kuti sankakhala chofulatira chitseko? Ukukumbukira mmene ankagwetsera kapu ya tiyi ana akaphulitsa makombola pa Khirisimasi? Inu munkaseka. Ine ndinkatola kapuyo osanena kanthu.

Pafoni unandiuza kuti mlandu suwola, ndipo sunaname. Ku Germany khoti la ku Munich linapeza John Demjanjuk wolakwa mu 2011 ali ndi zaka 91, pa zimene zinachitika ku Sobibor, msasa wophera anthu wa chipani cha Nazi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Oskar Gröning, wowerengera ndalama za akaidi ku msasa wina wotere wa Auschwitz, anagamulidwa zaka zinayi mu 2015 ali ndi zaka 94. Koma kwathu zinayenda mwina. Atasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, nyumba ya malamulo inakhululukira milandu ya nkhondoyo. Obwerako kutchire anasambitsidwa mankhwala ndi asing'anga, basi, wopha ndi wofedwa n'kumatunga pachitsime chimodzi. Khoti limene ungakasumeko kulibe, ndipo woti aimbidwe mlandu ali kumanda.

Koma mkazi wa bambo uja ali moyo. Ndinamva pamaliro chaka chatha kuti anabwerera kumudzi, maso ayamba kuchita khungu, ndipo mpaka lero sadziwa pamene panagona mwamuna wake. Ine ndikupadziwa: patsinde pa mkuyu, kutsidya kwa kamtsinje kakumunsi kwa dimba lawo. Ndakhala nazo pamtima zaka zonsezi chifukwa cha manyazi, ndipo ndinalakwa.

Ndiye tamvera. Sindikukuletsa kulemba; mutu uli nawo, ndipo agogo ako usawapake mafuta. Lemba kuti analoza khomo, ulembenso kuti anali mnyamata wogwidwa akuweta ng'ombe. Chimene ndikukana n'chakuti mayi uja, kapena ana ake, akamve nkhani ya bambo wawo kwa munthu amene waiwerenga pa Facebook kapena m'buku la pamsika wa Limbe. Imfayo ndi yawo isanakhale nkhani yako. Tiyambe tapita, tikagwade, tikawaonetse mkuyuwo. Akatithamangitsa, tikabwerako osadandaula. Akakati mayina asatuluke, sadzatuluka, ngakhale buku lichepe kukoma.

Sitingapite tokha ngati ana. Ndayankhula kale ndi amalume ako aakulu, poti mbumba ili m'manja mwawo tsopano, ndipo avomera kutitsogolera kwa amfumu a kumeneko. Analira nditawauza, iwonso ankaikwera njinga ija popita kuchigayo.

Pempha tchuthi kuntchito mvula isanayambe, msewu wa kumudziko ukadali wouma. Ukonze pasipoti yako. Nsalu ndi mbuzi ndigula ine.

Ndine,
Mayi ako